Telala Amene Adadya Phula

Mwana wanga, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu anthu amaufotokoza mosiyanasiyana, ndipo sindikangana nawo. Ine ndikuuza mmene udafikira m'makutu mwanga. Amati udayambira pakhonde la telala wina.

Pamudzi wina wa m'munsi mwa mapiri a ku Ntchisi padali telala, dzina lawo a Kamphinda. Adali mkamwini pamudzipo. Kwawo kudali kutali kuchigwa, koma adakhala zaka makumi awiri ndi zisanu pamudzi wa akazi awo, a Nankhoma, mpaka ana ambiri ankayesa kuti ndi mbadwa. Makina awo osokera ankakhala pakhonde loyang'ana msewu wa kumsika. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka bamboyo ankakhala pampando umodzi, tepi yoyezera ili m'khosi, mapazi okha akupalasa makina.

A Kamphinda ankadwala matenda a shuga, ndipo apa ndiyambe ndakufotokozera pang'ono kuti nkhaniyi uimve bwino. Chakudya chimene timadya, kaya ndi mbatata kaya ndi phala, chikagayika m'mimba chimasanduka shuga, ndipo shugayo amalowa m'magazi. Magazi amamunyamula n'kukapereka ku minofu ndi ku ubongo kuti munthu athe kuyenda ndi kuganiza. Mwa munthu wodwala matendawa shuga amangozungulira m'magazi, osalowa bwino kumene akufunika. Akachuluka kwa zaka zambiri amawononga maso, impso ndi mapazi, osachita phokoso.

A Kamphinda adawapeza ndi matendawa zaka zisanu ndi chimodzi nkhaniyi isadachitike. Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo ankawapatsa mapiritsi otsitsa shuga oti azimwa m'mawa uliwonse. Namwino adawauza kuti akamwa asamachedwe kudya, komanso kuti aziyenda ndi masuwiti awiri m'thumba, kuopa kuti tsiku lina shuga angatsike mopitirira. A Kamphinda ankamwa mapiritsiwo mokhulupirika, koma shuga wawo sankatsika mokwanira. Chaka chimenecho adayamba kuvutika kulowetsa ulusi pa singano. Ankadikira kuti pamsewu pasakhale munthu, kenaka n'kuitana akazi awo kuti awalowetsere. Namwino adawauza mosabisa kuti shuga akapitiriza kukwera, maso adzapita.

Ngakhale zidali choncho, pamudzi ponse a Kamphinda ndiwo adali mphunzitsi wa matenda a shuga. Munthu akamva ludzu losatha kapena akamakodza pafupipafupi, ankabwera pakhonde paja kudzafunsa. Iwo ankayankha uku akusoka, osakweza mutu, ndipo nthawi zambiri ankanena zoona: pita ukayezetse, chepetsa shuga mu tiyi, usayende wopanda nsapato. Kufunsidwa kudawakomera kwambiri, mpaka adaiwala kuti nawonso ali ndi pakamwa pofunsira.

A Nankhoma adali ndi mlongo wawo wamng'ono, a Yelemiya, amene ankaweta njuchi. Ming'oma yawo adaipachika m'mitengo ya pamwamba pa phiri, ulendo wa ola lathunthu kuchokera pamudzi. Adali munthu wonenepa, wokonda tiyi wa masipuni anayi a shuga, ndipo kuphiriko ankangopita kamodzi pa sabata, akupuma katatu panjira. Iwo ndi a Kamphinda ankanyozana monga amachitira alamu, koma mawu a a Yelemiya ankaluma pang'ono, chifukwa mudzi udali wawo ndipo mnzawoyo adali wobwera.

Tsiku lina a Yelemiya nawo adakayezetsa, ndipo adawauza kuti shuga wawo wayamba kukwera, ngakhale sadafike poti n'kumwera mankhwala. A Kamphinda ndiwo adawaperekeza ulendo wachiwiri, n'kuwaonetsa benchi lokhalapo ndi khomo lolowera, monga mkulu amaonetsera mwana njira ya kusukulu.

Patapita miyezi inayi, a Yelemiya adabwera pakhonde ndi buluku loti alichepetse m'chiuno. Patapita miyezi ina iwiri adabweranso nalo. A Kamphinda adawazunguliza tepi ndipo adaona okha kuti chiuno chachepa ndi mainchi anayi. Miyendo ya munthuyo idali italimba, ndipo ankaima wowongoka.

"Alamu," adatero a Yelemiya, "nsalu imene mukuchotsa pa buluku langayo musataye. Muziika pa lanu."

Anthu awiri amene ankadikira zovala zawo adaseka. A Kamphinda adayankha kuti munthu akayamba kuonda mwadzidzidzi achibale amayamba kufunsa mtengo wa matabwa, ndipo anthu aja adasekanso. Koma a Yelemiya adatulutsa buku lawo la kuchipatala n'kuliika pa makina. Manambala a shuga adali atatsika mwezi ndi mwezi mpaka kufika pabwino. A Kamphinda adayang'ana mwachidule, n'kulikankhira pambali ngati likuwatchinga nsalu.

Chimene a Yelemiya ankachita chidali chodziwika kwa aliyense. M'mamawa uliwonse, asadadye kanthu, ankamwa madzi n'kukwera phiri kukaona ming'oma yawo. Chakudya cha m'mawa ankanyamula m'thumba n'kukadyera komweko akamaliza ntchito. Zimenezi sadangoziyamba okha. Adafunsa namwino, ndipo namwino adawafotokozera kuti minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, ndipo ikazolowera ntchito imaphunzira kumulandira mosavuta ngakhale munthu atakhala pansi. Adawauzanso kuti munthu akayenda asadadye, thupi limatapa kwambiri mafuta amene lidasunga. Kwa iwo, poti sankamwa mankhwala otsitsa shuga, namwino sadaonepo choopsa, malinga ayambe pang'onopang'ono ndipo adye akamaliza.

A Kamphinda adaona kukwera phiri, adaona chiuno, adaona manambala. Mawu a namwino okhawo ndiwo sadawamve, chifukwa mawu saoneka ndi maso ndipo kuti uwamve uyenera kufunsa. Kufunsa a Yelemiya sakadatha. Munthu wa zaka zisanu ndi chimodzi m'matenda angafunse bwanji wa dzulodzulo, amene iwo omwe adamuonetsa benchi? Kufunsa namwino nako kudali kovuta, pakuti tsiku la odwala shuga anthu amakhala pamzere umodzi ndipo chimene wafunsa mmodzi amamva onse.

Choncho adayamba mwakachetechete. M'mawa woyamba adayenda mpaka pamlatho n'kubwerera, kenaka adamwa piritsi ndi kudya. Tsiku lachiwiri adafika mpaka patsinde pa phiri. Thupi lidapepuka ndipo adakondwa. A Nankhoma adaona nsapato zonyowa ndi mame ndipo adafunsa kumene amuna awo akumapita kusadache bwino. Atamva, sadatsutse. Adangonena kuti ndi bwino, koma ayambe afunsa kuchipatala, kapena afunse a Yelemiya kuti iwo adauzidwa zotani.

"Kuyenda amafunsa?" adatero a Kamphinda. "Ndidayamba kuyenda mlongo wanuyo asadabadwe."

A Nankhoma adati kuyenda adayambadi kale, koma mapiritsi adayamba liti? Funsolo, m'malo mochenjeza a Kamphinda, lidawapatsa nzeru ina. Adaganiza kuti ngati piritsi limatsitsa shuga ndipo phiri limatsitsanso shuga, kuphatikiza ziwirizo kukhala ngati makasu awiri m'munda umodzi. Zimene a Yelemiya adachita m'miyezi isanu ndi umodzi, iwo akadazichita m'miyezi itatu.

Tsiku lachitatu kudacha kozizira, pakuti udali mwezi wa Juni, nyengo yofula uchi. A Kamphinda adamwa piritsi lawo ndi madzi, osadya kanthu. Adatulutsa masuwiti awiri aja m'thumba la jekete n'kuwasiya pawindo, poganiza kuti munthu wopita kukathamangitsa shuga sayenda naye m'thumba. Adadikira kuti a Yelemiya adutse ndi zidebe zawo, adawerenga mphindi khumi, kenaka adatsata njira yomweyo. Akazi awo adali kumjigo, ndipo sadawauze kuti lero akwera mpaka pamwamba.

Theka loyamba la phiri adalikwera bwino. Ankapuma mwamphamvu, mawondo akuwawa, koma mumtima ankaseka, akuganiza za tsiku limene adzaike buku lawo pa makina kuti mlamu wawo awerenge. Sankadziwa zimene zinkachitika m'kati mwawo. Minofu ya m'miyendo, imene idakhala zaka zambiri pansi pa makina, inkakoka shuga m'magazi mwaphuma. Piritsi nalo linkagwira ntchito yake, osadziwa kuti m'mimba mulibe kanthu. Otapa adali awiri, wothira padalibe.

Atadutsa pamwala waukulu adayamba kutuluka thukuta lozizira. Manja adayamba kunjenjemera, mtima ukugunda ngati wathamanga, ndipo adamva njala yoluma imene sadaimvepo. Zizindikirozi ankazidziwa, pakuti iwo omwe ankaphunzitsa anthu pakhonde. Adadziwa kuti shuga watsika mopitirira ndipo kuti munthu akapanda kudya chotsekemera msanga amakomoka, mwina osadzukanso. Adapisa m'thumba. Mudali ulusi ndi choko chokha.

Kubwerera kumudzi kudali kutali. Pafupi, pamwamba pang'ono, padali kanyumba ka udzu kamene a Yelemiya ankafinyiramo uchi. A Kamphinda adakakamira mpaka adafika, akugwira mitengo. Ali pakhomo adaona mlamu wawo. A Yelemiya adali pamtunda wa mapazi makumi atatu okha, atafulatira, akufukiza utsi pa mng'oma uku akuimba mluzu nyimbo ya kutchalitchi.

Apa ndiye pagona nkhani, mwana wanga. A Kamphinda adali akadali ndi mawu. Akadangoti, alamu, uchi uli pati? Adatsegula pakamwa, koma adakumbukira khonde, anthu awiri oseka aja, ndi nsalu yoika pa buluku. Adaganiza kuti angolowa, anyambite uchi pang'ono, akhale bwino, atsike osaonedwa. Adamasula chingwe cha chitseko n'kulowa.

M'katimo mudali zinthu ziwiri. Pakona padali chigubu chakuda chotsekedwa zolimba, chonga chimene anthu amasungiramo parafini. Pakati padali beseni lovundikira ndi thumba. A Kamphinda adavundukula beseni ndipo adaona mibulu yachikasu yonunkhira uchi. Iwo adakulira kuchigwa kumene kulibe ming'oma, ndipo uchi ankangouona uli kale m'botolo. Sadadziwe kuti zisa akazifinya, zotsalazo amazitsuka ndi madzi kawiri katatu mpaka kutsekemera konse kutachoka, n'kuziumba mibulu podikira kusungunula. Limenelo ndilo phula. Fungo la uchi limatsalira, koma uchi mulibe.

Adaluma mbulu umodzi n'kuyamba kutafuna. Sudatsekemere. Adaganiza kuti lilime lawo lafa ndi kuzizira, ndipo adalumanso wina. Phula lidamatirira m'mano ndi kumkamwa, losamezeka, losalavulika. Maso adayamba kuchita chidima. Nthawi imeneyo adafuna kuitana, koma m'kamwa mudali modzaza ndipo lilime lidali litalemera. Adakhala pansi, adatsamira chigubu chakuda chija, kenaka adagwera chammbali. M'chigubumo mudali uchi umene a Yelemiya adafinya dzulo lake n'kulephera kutsika nawo.

Padapita kanthawi. A Yelemiya atadzaza chidebe chimodzi ndi zisa adatsikira kukanyumba kuja, ndipo adadabwa kuona chitseko chili pululu. Adayesa kuti mwalowa nyani. Atasuzumira adaona munthu ali gone, jekete itanyowa ndi thukuta, tepi yoyezera ili m'khosi.

Sadafuule, sadathamangire kumudzi. Adagwada, adawagoneka bwino chammbali, ndipo ndi chala adakolowola phula lonse m'kamwa kuti lisawatsamwe. Adawaitana, ndipo a Kamphinda adangobuula. Kenaka adatsegula chigubu, adaviika chala mu uchi n'kuwapaka m'kati mwa tsaya ndi m'nkhama, pang'onopang'ono, osawathira kukhosi, pakuti munthu amene sakutha kumeza ukamuthira chinthu chimalowera kumapapo. Adapaka, adadikira, adapakanso.

Zonsezi ankazidziwa chifukwa adafunsa. Tsiku lomwe lija namwino ankawafotokozera za kuyenda asadadye, a Yelemiya adafunsanso funso lina. Adati kunyumba kuli mlamu wawo wa mapiritsi, wamakani ngati mbuzi yamphongo, nanga tsiku lina atamupeza atagwa achite chiyani? Namwino adawaphunzitsa, ndipo iwo adasunga osauza munthu.

Patapita mphindi zingapo a Kamphinda adaphethira. Adayang'ana denga la udzu, kenaka nkhope ya mlamu wawo. Atayamba kumeza bwino, a Yelemiya adawakhazika tsonga n'kuwamwetsa uchi wosungunula m'madzi, kenaka adawapatsa mbatata yootcha imene adanyamula kuti ikhale chakudya chawo cha m'mawa. A Kamphinda adadya. Atamaliza adapukuta pakamwa n'kunena motsitsa mawu.

"Musakawauze achemwali anu."

"Ndikawauza," adayankha a Yelemiya. "Ndikawauzanso kuti mwandidyera phula la makandulo atatu."

Kenaka a Yelemiya adafunsa ngati a Kamphinda adawaona iwo pamene ankalowa. A Kamphinda adavomera ndi mutu. A Yelemiya adayang'ana pakhomo, adayang'ana mng'oma umene adaimapo, ngati akuyeza mtundawo ndi maso, ndipo nthabwala zidawathera.

"Alamu, ndikadayamba ndi ming'oma ya kuseri, bwenzi pano tikutuma mthenga kwanu kuchigwa."

Adatsika phiri pang'onopang'ono, mkono wa telala uli paphewa la mlamu wake, zidebe atazisiya komweko. Atafika pamsewu adabwereka njinga n'kupita kuchipatala, chifukwa a Yelemiya adauzidwa kuti piritsi limagwirabe ntchito kwa maola ambiri ndipo shuga akhoza kutsikanso. A Nankhoma adawapeza komweko. Sadakalipe. Adangokhala pabenchi pambali pa amuna awo, atagwira masuwiti awiri amene adawapeza pawindo.

Namwino adabaya chala cha a Kamphinda n'kuyeza, ndipo adawagoneka mpaka madzulo. Adawauza kuti maganizo oyenda adali abwino, ndipo minofu yawo ikufunadi ntchito kuposa ya wina aliyense pamudzipo. Chidalakwika ndi chakuti adabwereka nthawi ya munthu wina. Thupi lopanda mankhwala likaona shuga akutsika limadziletsa lokha, koma piritsi la mtundu umene iwo ankamwa silidziwa kuima. M'chipindamo mudali odwala ena atatu, onse akumvetsera. A Kamphinda adawayang'ana ndipo adafunsa.

"Nanga ine ndiziyenda nthawi yanji?"

Namwino adati azimwa piritsi, adye, apume pang'ono, kenaka ayende njira ya kumlatho, masuwiti ali m'thumba ndipo kunyumba akudziwa kumene apita. Phiri lidikire miyezi ingapo. Adati shuga akayamba kutsika abwere, awachepetsere mankhwala, asadzichepetsere okha. A Kamphinda adafunsanso funso lachiwiri, ndi lachitatu. Mmodzi mwa odwala aja adati funso lachitatulo nayenso lidamuvuta kwa chaka chonse.

Adachita monga adauzidwa. Shuga wawo adatsika, osati m'miyezi itatu koma m'chaka, ndipo maso, ngakhale sadabwerere mwakale, sadapitirire kuwonongeka. Adasoka zaka zina zambiri.

Koma nkhani ya kuphiri sidabisike. Masiku otsatira anthu ankabwera kudzazonda, ndipo aliyense ankafuna kudziwa kuti munthu wodziwa matenda a shuga chotere zidamuchitikira bwanji. A Nankhoma adatopa kufotokoza kuyambira pachiyambi. Mayi wina atafunsanso, iwo adangoloza amuna awo ndi mlomo n'kunena kuti, "Safunsa adadya phula." A Kamphinda adamva ali pa makina, ndipo amati sadatsutse. Mawuwo adatuluka pakhondepo, adafika kumsika, adakwera mabasi, ndipo lero amanenedwa ndi anthu amene sadamvepo za telalayo.

Safunsa adadya phula. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene amachita manyazi kapena matama kufunsa amatola chinthu cholakwika pamene choyenera chili pafupi. Maso amaona zimene mnzako akuchita, koma saona chifukwa chake, saonanso zimene adauzidwa asadayambe. Chimene chachiritsa mnzako chikhoza kukugwetsa iwe, pakuti matupi amasiyana ndipo zimene alowetsamo zimasiyananso. Udzaona anzako akuthamanga m'mamawa asadadye, ena akusala chakudya, ena akumwa izi ndi izo, ndipo zina mwa zimenezo zidzakhala zabwino ndithu. Usadatengere, funsa wodziwa ngati zikuyenera iwe. Ukafunsa, mwina anthu adzaseka, ndipo kuseka kwawo kudzatha tsiku lomwelo. A Kamphinda adatsala pang'ono kufa atatsamira chigubu cha uchi, mwini uchiwo akuimba mluzu pamtunda woti akadamva ngakhale kutsokomola.